Tsoka silinunkha, koma mwendo wa hatchi umayamba wafunda

M'khola la mahatchi a mjaha, tsiku limayamba kunja kudakali mdima. Wosamalira hatchi akatsekula chitseko, maso ake amayamba agwera m'chodyeramo. Ngati chakudya chadzulo chatsala, nkhawa yayamba kale. Kenako amayang'ana ndowe, kuchuluka kwake ndi kufewa kwake, n'kusuzumira m'ndowa kuti aone madzi amene amwedwa usiku. Akatero amanjuta pambali pa hatchiyo n'kumatsitsa dzanja kuchokera pa bondo mpaka ku chiboda, mwendo umodziumodzi, mofatsa ngati mayi amene akumva thupi la mwana. Chimene akufunafuna ndi kutentha. Mwendo wabwino umakhala wozizira ndi wouma, mitsempha yake ikumveka ngati zingwe zokungika. Mwendo umene wayamba vuto umangofunda pang'ono, penapake potupa pang'ono, moti munthu wosazolowera sangaone kanthu. Hatchiyo sikutsimphina. Ikuponda pansi, ikugwedeza mutu, ikufuna kutuluka. Mpikisano waukulu uli Loweruka.

"Bwana, wakutsogolo wakumanzerewu wafunda."

Chimene mphunzitsi wa mahatchi amachita akamva mawu amenewa ndicho chimandiuza kuti ndi munthu wotani. Zikho zimene wandandalika m'nyumba mwake sizindiuza zambiri. Wina amanjuta naye, n'kugwira yekha, n'kuitana dokotala wa ziweto, kenako n'kuimbira mwini hatchi kumuuza uthenga umene sakufuna kumva: Loweruka sitithamanga. Wina amati thirani madzi oundana, mumange bandeji, tiona mawa, ndipo mawa likafika amaona zimene mtima wake ukufuna. Alipo enanso, ochepa koma alipo, amene amatenga jakisoni wopha ululu kuti mwendowo ukhale chete mpaka mpikisano udutse. Hatchi ikadzathyoka pabwalo khamu likuona, mawu amene timamva amakhala amodzi: linali tsoka. Mawu amenewa ndi amene ndikulimbana nawo, chifukwa amafunditsa nsalu imodzi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Ndivomereze kaye kuti mwayi ulipo pantchitoyi, ndipo ndi waukulu. Mphunzitsi wotchuka amapambana mpikisano umodzi pa isanu iliyonse imene walowetsa hatchi, mwina umodzi pa inayi chaka chikamukomera. Ndiye kuti ngakhale katswiri amabwerera kunyumba wogonja masiku ambiri. Mvula ikagwa usiku bwalo n'kufewa, hatchi imene yakonzekera miyezi itatu kuthamanga pouma yathera pomwepo. Chifuwa chikalowa m'khola chimayenda chipinda ndi chipinda, ndipo mwezi ungathe popanda hatchi yoti n'kutuluka nayo. Mu 1956, pa mpikisano wodumpha mipanda wa Grand National ku Aintree ku England, Devon Loch, hatchi ya mayi ake a Mfumukazi Elizabeth II, inali patsogolo itadumpha kale mipanda yonse. Kutatsala mamita osakwana 50 kuti ifike, inangodumpha pamalo popanda kanthu n'kugwa chamimba. Mpaka lero anthu amatsutsanabe za chimene chinachitika. Limenelo ndi tsoka lenileni, ndipo palibe angaloze chala Peter Cazalet amene ankaiphunzitsa.

Pogula napo m'pomwemo. Mahatchi onse a mtundu wa Thoroughbred mzera wa atate awo umakathera pa mahatchi atatu aamuna amene anafika ku England zaka pafupifupi 300 zapitazo, ndipo mibadwo yawo yakhala ikulembedwa m'mabuku kuyambira 1791. Wogula amadziwa agogo a agogo a hatchi, amaiona ikuyenda, amaijambulitsa mafupa, komabe sadziwa chimene chili mumtima mwake. Hatchi yotchedwa Snaafi Dancer inagulidwa madola 10.2 miliyoni pamsika wa mahatchi wa Keeneland ku America mu 1983, ndipo sinalowepo mumpikisano ngakhale umodzi chifukwa inalibe liwiro. The Green Monkey inadya madola 16 miliyoni mu 2006, inathamanga katatu, osapambana. Chikomekome cha mkuyu. Pamene Seattle Slew, ya chiboda chakutsogolo chokhotera kunja imene ogula ambiri anangoipitirira, inapita ndi madola 17,500 okha, ndipo mu 1977 inasesa mipikisano itatu ikuluikulu ya ku America isanagonjepo n'kamodzi komwe. Mphunzitsi sangaike liwiro mmene mulibe. Chimene chili m'manja mwake ndi kusaononga limene lilimo.

Amene akufuna kuona kukoma ndi kuwawa kwa ntchitoyi m'moyo wa munthu mmodzi ayang'ane Henry Cecil wa ku Newmarket. Tauni imeneyi ndi likulu la mjaha ku England, kumene mahatchi pafupifupi 3,000 amaphunzitsidwa, ndipo m'mawa uliwonse amatuluka m'magulumagulu kukakwera chitunda cha Warren Hill ndi madambo ozungulira. Kwa zaka zambiri Cecil ndiye anali mfumu kumeneko. Anakhala mphunzitsi woposa onse m'dzikomo maulendo 10, ndipo mu 1987 mokha mahatchi ake anapambana mipikisano 180. Kenako khoma linayamba kugumuka. Mu 1995 Sheikh Mohammed wa ku Dubai anachotsa mahatchi ake onse m'khola la Cecil la Warren Place. Eni mahatchi akale amene ankamudalira anatha mmodzimmodzi, ena kumwalira, ena kusamukira kwina. Mapasa mnzake David anamwalira mu 2000. Pofika 2005, khola limene linkasunga mahatchi pafupifupi 200 linali ndi zipinda zambiri zapululu, ndipo chaka chonsecho anapambana mipikisano 12 yokha. Chaka chotsatira anamupeza ndi khansa ya m'mimba. Anthu ankamukamba ngati munthu wakale iye adakali moyo.

Ochepa sanamutaye. Mmodzi mwa iwo anali Khalid Abdullah wa ku Saudi Arabia, amene anamutumizira mwana wa hatchi wamphamvu koma waphuma, dzina lake Frankel. Anthu amakonda kufotokoza nkhani ya Frankel ngati mwayi umene unagwera nkhalamba yodwala. Ine ndimaiona mwina. Frankel inali yosafuna kumva chingwe. Ikaona njira yatseguka inkafuna kutaya mphamvu zonse nthawi yomweyo, ndipo hatchi yotere imadzipsereza yokha isanakhwime. Cecil anatha miyezi akuiphunzitsa chinthu chimodzi, kudekha. Pochita zolimbitsa thupi ankaiika kumbuyo kwa Bullet Train, mkulu wake wobadwa kwa mayi mmodzi, kuti izolowere kutsatira inzake osaipikisa. Mu 2011 inapambana mpikisano wa 2000 Guineas mochititsa nthumanzi, kutsogola kuyambira poyambira mpaka pomalizira, zinzake zikungoona fumbi. Zitatero ambiri anafuna kuti ipite ku Derby ya ku Epsom, mpikisano umene mwini hatchi aliyense ku England amaulota. Sinapite. Derby ndi ya makilomita 2.4, ndipo Cecil sanafune kukakamiza hatchi yaphuma chonchi mtunda wotero isanaphunzire kusunga mphamvu. Anaisunga pa mtunda wa makilomita 1.6 kwa chaka china ndi miyezi, mpaka mu Ogasiti 2012 ku York pamene anailola kuthamanga makilomita awiri ndi kanthu. Tsiku limenelo Cecil anabwera atatha thupi, akuyenda ndi ndodo, mawu akungotuluka monong'ona. Frankel inasiya zinzake kutali. Inapuma pa mjaha itathamanga maulendo 14, kupambana onse 14, miyendo yake ili yathunthu. Cecil anamwalira mu Juni 2013.

Taganizani, munthu amene akudziwa kuti masiku ake ndi owerengeka, amene wakhala zaka akuonedwa ngati wotha ntchito, ndipo m'khola mwake mwagwa hatchi yoposa zonse zimene anagwirapo. Anali ndi zifukwa zonse zofulumirira. Sanafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndimati ukatswiri wa Cecil umaonekera kwambiri pa mpikisano umene Frankel sinathamange.

Chifukwa chimene kudikira kulili kofunika chonchi chili m'thupi la hatchi momwemo. Hatchi ya mjaha imalemera makilogalamu pafupifupi 500 ndipo imathamanga makilomita oposa 60 pa ola. Ikakhala pa liwiro lonse, pa kulumpha kulikonse pamakhala kamphindi kamene kulemera konseko kumatera pa mwendo umodzi, mwendo umene kunsi kwa bondo sukula kuposa mkono wa munthu. Kunsi kwa bondoko kulibe mnofu. Kuli fupa, mitsempha ndi chikopa basi. Kumtunda ndiko kuli mphamvu zodabwitsa. Mtima umene hatchi ikapuma umagunda ka 30 kapena ka 40 pa mphindi umatha kupitirira ka 220. Kapamba amafinyira magazi owonjezera m'thupi liwiro likangoyamba. Mpweya umalowera m'mphuno mokha, kamodzi pa kulumpha kulikonse. Vuto n'lakuti ziwalo zimenezi sizikhwimira pamodzi. Mtima ndi minofu zimalimba m'milungu yochepa. Fupa limafuna miyezi. Mtsempha wa mwendo ukang'ambika umatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri subwerera mwakale. Choncho imafika nthawi imene hatchi ikudzimva yamphamvu, wokwera akutsika akumwetulira, wotchi ikunena zabwino zokhazokha, koma mafupa adakali m'mbuyo.

Fupa lili ndi khalidwe lake. Likamasenza ntchito yolemetsa limachita timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limachotsa fupa lotopalo n'kumangapo latsopano lolimba. Koma kuchotsa kumafulumira kuposa kumanga, ndiye pakati pake pamakhala nyengo imene fupalo ndi lofooka kuposa poyamba. Mukapitiriza kuthamangitsa hatchi molimba m'nyengo imeneyo, timing'alu tija timalumikizana. Ku California, kuyambira 1990, hatchi iliyonse yofera pabwalo la mjaha imapimidwa ndi madokotala a yunivesite ya ku Davis. Chimene apeza pa zaka zonsezi chikanayenera kusintha kayankhulidwe kathu kalekale: mahatchi ambiri amene anathyoka mwendo pothamanga anali kale ndi chilonda cha fupa pamalo omwe anathyokawo. Fupalo silinathyoke chifukwa cha kuponda kumodzi kolakwika. Linakhala likung'aluka kwa milungu, mwina miyezi, hatchi ikutuluka m'khola m'mawa uliwonse. Si nthawi zonse pamene dzanja lingamve zimenezi, n'zoona. Koma nthawi zambiri kanthu kamakhala kataonekapo: kufunda kwa tsiku limodzi, kufupika kwa kalumphidwe, hatchi imene inkakonda ntchito n'kuyamba kukana kutuluka.

Ndipo kwa hatchi, kuthyoka mwendo kawirikawiri ndi imfa. Singagone milungu ingapo kudikira fupa ligwirane monga amachitira munthu. Imafunika kuima ndi miyendo inayi. Umodzi ukapuma, inayo imasenza katundu wopitirira muyeso, ndipo m'kati mwa chiboda mumayamba kutupa mpaka chibodacho kusiyana ndi fupa, matenda opweteka koopsa otchedwa laminitis. Barbaro inapambana mpikisano wa Kentucky Derby ku America mu 2006, ndipo patangotha milungu iwiri inathyoka mwendo wakumbuyo wakumanja pa mpikisano wa Preakness. Eni ake sanaumire ndalama. Madokotala a ku Pennsylvania anamanga mwendowo ndi chitsulo ndi misomali yoposa 20, ndipo anailimbira nkhondo miyezi isanu ndi itatu. Ululu wa m'ziboda ndi umene unawagonjetsa mu Januwale 2007. Sindikunena kuti pa Barbaro panali wolakwa. Ndikungoonetsa kulemera kwa nkhaniyi. Ngati hatchi imene dziko lonse la America linkaipempherera sinapulumuke, ya wamba yothyokera pa kabwalo kosadziwika imaphedwa pomwepo, kuseri kwa chinsalu chimene amatchinga kuti owonerera asaone.

Nanga munthu wodziwa zonsezi amatulutsiranji hatchi ya mwendo wofunda? Si onse amene ali ankhanza. Ambiri ndi anthu opanikizika. Mphunzitsi nthawi zambiri si mwini hatchi. Amalipidwa pa tsiku kuti aisunge, aidyetse ndi kuiphunzitsa, ndipo ikapambana amalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphoto. Malipiro a pa tsikuwo amathera ku chakudya, zogonera, wokhomera zitsulo ku ziboda, antchito ndi lendi. Phindu lenileni lili pa mphoto ndi pa dzina, ndipo dzina limazirala msanga ngati mahatchi ako sakuoneka pabwalo. Mwini hatchi naye amalipira mwezi ndi mwezi, ithamange isathamange, ndipo eni ambiri sabweza ndalama zimene amalowetsa. Akauzidwa kuti hatchi ipume miyezi itatu, ena amamvetsa. Ena amaimbira mphunzitsi wina amene anganene kuti ife tiithamangitsa, ndipo mawa lake galimoto yafika pachipata kudzaitenga. Kalendala nayo siyembekeza munthu. Ku Ulaya ndi ku America mahatchi onse amawerengedwa kuti awonjezera chaka pa 1 Januwale, ku Australia ndi ku South Africa pa 1 Ogasiti, ndipo mpikisano ngati Derby ndi wa mahatchi a zaka zitatu okha. Ukaphonya chaka chimenecho palibenso china. Mphunzitsi amagona usiku mawu akuti zengerezu adalinda kwawukwawu akulira m'mutu mwake.

Ndimawamvera chisoni anthu amenewa, ndipo sindikufuna kuyankhula ngati kuti kutaya hatchi yabwino kwa mnzako wa khola loyandikana ndi nkhani yaing'ono. Pali mabanja a antchito amene amadya chifukwa cha chipinda chimenecho. Koma chisoni changa sichisintha zimene zili m'fupa. Walira mvula walira matope. Amene wasankha kudyera pa miyendo ya nyama yosayankhula wavomeranso kuluza ndalama tsiku limene miyendoyo yakana.

Kupitirira opanikizikawa kuli ena amene sindiwamvera chisoni n'komwe. Mu 2013 Mahmood Al Zarooni, amene ankaphunzitsa mahatchi a Godolphin, khola la Sheikh Mohammed uja, ku Newmarket komweko, analetsedwa ntchito zaka 8 chifukwa chobaya mahatchi mankhwala okuza minofu. Ku Australia, Darren Weir anali munthu wa m'nkhani yokoma ya 2015, pamene Prince of Penzance, hatchi imene obetcha sankaiwerengera, inapambana Melbourne Cup itakweredwa ndi Michelle Payne, mkazi woyamba kutero. Mu 2019 apolisi anapeza kwa Weir tizipangizo tamagetsi todzidzimutsira mahatchi, ndipo analetsedwa zaka 4. Ku America, mu 2020 boma linatsegulira milandu anthu 27 chifukwa cha mankhwala obisika, ndipo aphunzitsi awiri otchuka, Jorge Navarro ndi Jason Servis, anapita kundende, woyamba zaka 5, wachiwiri zaka 4. Ena mwa mankhwala a mumlandu umenewo anali opha ululu. Apa m'pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Ululu ndi pakamwa pokha pamene hatchi ili napo ponenera kuti ndilekeni. Kuupha ndi kuitseka pakamwa n'kuikwapula kuti ithamange. Hatchi yotero ikagwa, munthu amene anagwira jakisoni asayerekeze kutchula tsoka.

Umboni wina wakuti si zonse zili tsoka ndi wakuti chiwerengero cha imfa chimamvera malamulo. Pa bwalo la Santa Anita ku California mahatchi 30 anafa pakati pa Disembala 2018 ndi Juni 2019. Anthu anakwiya, ndipo mkwiyowo unathandiza kuti mu 2020 dziko la America likhazikitse lamulo limodzi loyendetsa chitetezo ndi mankhwala pa mjaha, m'malo moti chigawo chilichonse chizichita zake. Madokotala anayamba kupima mahatchi mosamalitsa asanathamange, ndipo nthawi yobayira mankhwala ena mpikisano usanachitike inatalikitsidwa. Mu 2009, pa maulendo 1,000 alionse amene hatchi inalowa mumpikisano ku America, awiri ankathera mu imfa. Zaka zaposachedwapa chiwerengerocho chatsika mpaka pansi pa 1.5. N'chokwerabe, koma chatsika, ndipo chatsika chifukwa anthu anasintha zochita. Tsoka lenileni silikanamva lamulo la nyumba ya malamulo.

Pali amene amati gwero la vuto ndi kuthamangitsa mahatchi a zaka ziwiri, ndipo akanakonda kuti azidikira mpaka atakula. Maganizowa amachokera mumtima wabwino, koma pano sindigwirizana nawo. Fupa la hatchi yaing'ono limakhwima ndi ntchito, ndipo kafukufuku waonetsa mobwerezabwereza kuti mahatchi amene anayamba ali ndi zaka ziwiri amakhalitsa pa mjaha kuposa amene anayamba mochedwa. Kudikira kumene ndikunena si kutsekera hatchi m'khola. Ndi kuwonjezera katundu pamlingo umene fupa lingalandire, ndi kuleka pamene ladandaula. Palinso amene amati mjaha wonse ungothetsedwa. Sindili nawo, koma sindiwanyoza, chifukwa aliyense amene anaonapo hatchi ikuyesa kuthamanga ndi miyendo itatu ali ndi ufulu wofunsa funso limenelo. Ife okonda masewerowa tilibe yankho lina kwa iwo kupatula kuchepetsa imfa zopeweka, ndi kusamalira mahatchi akapuma pantchito m'malo moti azikathera kophera nyama monga zinaululidwira ku Australia mu 2019.

Chimene ndikuchirikiza n'chakuti chiweruzo chisamasiyidwe m'manja mwa mphunzitsi yekha, ngakhale atakhala woona mtima. Diso la munthu amene wadikira chaka chonse limaona zimene likufuna. Pakati pa 2013 ndi 2020, mahatchi 6 amene anathamanga Melbourne Cup anafa, yomaliza kukhala Anthony Van Dyck imene inapambana Derby ya ku Epsom mu 2019. Kuyambira 2021 akuluakulu a mjaha m'chigawo cha Victoria ku Australia analamula kuti hatchi yofuna kulowa mumpikisanowu iyambe yajambulidwa miyendo ndi makina a CT oona m'kati mwa fupa. Mu 2024 madokotala ataona zithunzi anakaniza Jan Brueghel, hatchi ya Aidan O'Brien imene obetcha ambiri ankaiyembekezera. Inali itayenda ulendo wonse kuchokera ku Ireland, a m'khola lake ankati ili bwinobwino, ndipo O'Brien sanabise kukhumudwa kwake. Chaka chotsatira inapambana Coronation Cup ku Epsom. Otsutsa lamuloli amati mwaona, inalibe vuto. Ine ndimati mwaona, inakhala ndi moyo n'kudzapambana. Palibe angadziwe chimene chikanachitika pabwalo la Flemington, kumene kumachitikira Melbourne Cup, tsiku limenelo. Koma zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Mukaletsa hatchi yabwino mwataya chikho. Mukalola yong'aluka fupa mwataya hatchi, ndipo pamsana pake pali munthu amene agwe nayo pakati pa ziboda za zinzake.

Makina oterewa ndi odula ndipo amapezeka m'malo ochepa. M'makola ambiri padziko lapansi makina ndi dzanja la wosamalira uja, munthu amene amalandira zochepa kuposa onse m'khola koma amadziwa hatchi kuposa onse. Iye ndi amene amadziwa kuti lero yagona chammbali china, kuti ikupumitsa mwendo umene siipumitsa masiku onse. Wokwera wa m'mawa nayenso amamva m'chishalo zimene woima pansi sangaone. Mphunzitsi akamukalipira munthu wotere kamodzi kokha chifukwa chobweretsa uthenga woipa sabata ya mpikisano, ulendo wina adzangokhala chete, n'kumanga bandeji, n'kupemphera. Ndikanakhala mwini hatchi wofuna khola, sindikanayamba ndi kuwerenga zikho. Ndikanaima pakhomo m'mawa n'kumvetsera mmene bwana amayankhira wantchito wake wamng'ono akanena kuti mwendo wafunda.

Ginger McCain ankagulitsa magalimoto akale ndi kuyendetsa takisi ku Southport ku England, ndipo khola lake linali kuseri kwa malo ogulitsira magalimotowo. Analibe dambo lothamangitsirapo mahatchi, choncho ankapita nawo ku mchenga wa m'mphepete mwa nyanja. Mu 1972 anagulira Noel Le Mare, mkulu wina amene ankakonda kumunyamula pa takisi, hatchi ya zaka 7 dzina lake Red Rum. Inali itadutsa kale m'manja mwa aphunzitsi angapo, ndipo inali ndi matenda a fupa la m'chiboda. Atangoitulutsa anaona ikutsimphina, mtima wake n'kugwa, poti ndalama zinali za mwini. Anailowetsa m'madzi a m'nyanja, ndipo inatuluka ikuponda bwino. Apa mwayi unalipo ndithu: kusowa kwake kwa dambo ndi kumene kunapatsa ziboda zodwalazo mchenga wofewa ndi madzi ozizira amchere tsiku ndi tsiku. Red Rum inapambana Grand National mu 1973 ndi mu 1974, inakhala yachiwiri mu 1975 ndi mu 1976, ndipo mu 1977, ili ndi zaka 12, inapambana kachitatu. Mpikisano umenewu ndi wa makilomita pafupifupi 7 ndi mipanda 30.

Mu 1978 dziko lonse la Britain linkafuna kachinayi. Obetcha anali ataika kale ndalama zawo, manyuzipepala ankalemba za Red Rum tsiku lililonse, ndipo munthu wa takisi wa ku Southport analibe hatchi ina yonga iyo, ndiponso ankadziwa kuti mwina sadzakhala nayonso. Mpikisano utayandikira, Red Rum inayamba kutsimphina. Munali kamng'alu kakang'ono m'fupa. Kutatsala tsiku limodzi anaichotsa pamndandanda, ndipo sinathamangenso mpikisano wina uliwonse. McCain anadikira mpaka 2004, ali ndi zaka 73, kuti adzapambanenso Grand National ndi hatchi ina, Amberleigh House. Red Rum inakhala zaka zina 17 ikudya, ikuyendera anthu amene ankafuna kuiona, ndipo inafa mu 1995 ili ndi zaka 30. Anaiika ku Aintree, pambali penipeni pa mzere womalizira, ndipo chaka ndi chaka anthu amasiyapo maluwa.